Mchere m'Wotchi ya Bwana Macdonald

Che Suwedi Tawakali anagwira ntchito pa nyumba imodzi ku Randburg zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anachotsedwa chifukwa cha madzi osadzaza ndi supuni yomwe. Alipo ena amene mpaka lero amati bambowo anadzichotsa okha ndi liuma lawo. Onenawo sanalione pepala limene anapatsidwa kuti asaine.

Kwawo kunali ku Machinga, kufupi ndi Ntaja. Anafika ku Joni mu 1973 pa ndege ya Wenela nalowa mumgodi. Chaka chotsatira ndege ina inagwa ndi anthu akumudzi, boma n'kulamula kuti onse abwerere. Anzawo anamanga katundu. Iwo anatsala, chifukwa nyumba yamalata imene analonjeza akazi awo, Abiti Maliki, inali isanafike ndi pamawindo pomwe, ndipo kumudziko anasiyako mwana wakhanda dzina lake Madina.

Mzungu wina, Macdonald, anawalemba ntchito ya m'maluwa mu 1975. Anawathamangira mapepala, zimenezo n'zoona ndipo ziyenera kunenedwa. Koma mapepalawo anali chingwe. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenda ndi buku la pasi, ndipo mwezi uliwonse bwana wake ankayenera kusainamo. Mwezi ukadutsa osasainidwa, wapolisi aliyense pa msewu akanatha kukukweza m'galimoto ya mawaya. Macdonald anasaina bukulo zaka zonsezo, dzina la Suwedi Tawakali lili pamaso pake, koma pakamwa pake pankatuluka la Julius, chifukwa wam'maluwa amene analipo kale anali Julius. Kuphunzira dzina latsopano anaona kuti n'chintchito.

Che Suwedi ankagona kukhaya, kachipinda ka antchito kuseri kwa galaja. Ankatchetcha kapinga, kudulira maluwa, kutsuka magalimoto awiri, ndi kusamalira dziwe losambiramo. M'mawa uliwonse ankawola masamba pamwamba pa madzi ndi ukonde wa ndodo yaitali, n'kuthira mankhwala oyera onunkha. Dziwelo linkawala ngati galasi chifukwa cha iwo, koma iwo sanaviikemo ngakhale chala cha kuphazi.

Madzi awo anali a pampopi wa kuseri kwa khaya. Pamenepo m'pamene ankatawaza kasanu pa tsiku asanaswali. Ankayamba ndi manja, kenako m'kamwa, m'mphuno, kumaso, mikono mpaka m'zigongono, kumutu, m'makutu, n'kumalizira mapazi. Mwalimu wawo wa ku madrasa anawaphunzitsa ali mwana kuti pakatsala malo ouma, ngakhale ochepa ngati chikhadabo, kutawaza konseko kwapita pachabe. Choncho chilichonse chimene chili pamkono chimayamba chachoka. Mwana aliyense wa ku Ntaja amadziwa zimenezi. M'nyumba ya Macdonald munalibe amene anafunsapo.

Bwanayo anali ndi wotchi yapamkono imene anaigula kunja mu 1982. Inali yolemera ngati mwala, ya lamba wachitsulo, ndipo m'kati mwake munali timawotchi tina titatu ting'onoting'ono. M'mbali munali kamutu kopukusira pakati, ndi mabatani awiri, lina pamwamba lina pansi. Batani lililonse linali ndi kamphete komanga ngati nati, kamene umayamba wamasula usanadine. Ukadina lapamwamba, muvi wautali unkayamba kuthamanga kuwerenga masekondi. Ukadinanso, unkaima. Lapansi linkaubweza poyambira. Mtengo wake, malinga ndi mwiniwake amene sankatopa kuutchula, unkaposa galimoto ya dona.

Alendo akabwera kudzawotcha nyama, Macdonald ankaivula wotchiyo n'kuiponya m'jagi ya madzi oundana, onse akuona. Ankawauza kuti imeneyi ingamire mamita zana pansi pa nyanja osamva kanthu, ndipo zinalembedwa pankhope pake. Che Suwedi, ali chikupizire makala, ankangodzifunsa kuti munthu akafunenji mamita zana pansi pa madzi ndi wotchi, chikhalirecho dziwe la pakhomo silinkafika ndi mamita awiri.

Loweruka lililonse masana bwana ankasambira modzipima. Ankavula wotchi n'kuwaveka Che Suwedi, atamasuliratu timphete tija. Iwo ankaima m'mphepete ndi ovolosi yawo. Bwana akadumphira, adine. Akagunda khoma kakhumi, adinenso, n'kuwerenga masekondi mokweza. Masekondi akachuluka, wolakwa anali wodina. Ntchito imeneyi anaigwira zaka ziwiri, ndipo wotchiyo sinakandike ngakhale pang'ono m'manja mwawo.

Mu Disembala 1983 banja lonse linapita ku Durban kukapuma. Che Suwedi anatsala ndi agalu. Atabwerako mu Januwale, bwana ali psuu ndi dzuwa, anawapeza akuthirira maluwa nayamba kudzitama. Anati ku Durban anamira m'nyanja osapuma mphindi imodzi ndi masekondi makumi anayi, ndipo palibe angatsutse chifukwa anadzipima yekha. Anaonetsa ndi chala mmene anadinira batani ali pansi pa madzi, ndi mmene anadiniranso asanavuuke. Tsiku lililonse ankachita zimenezo, mlungu wathunthu. Che Suwedi anayamikira monga wantchito amayamikirira, n'kupitiriza kuthirira. Sanadziwe kuti amva chinthu chofunika kuchisunga.

Loweruka lachiwiri la mweziwo, bwana atangowaveka wotchi, foni inalira m'nyumba. Bwana analowa ndi thaulo m'khosi. Che Suwedi anadikira m'mphepete mwa dziwe theka la ola, kenako ola. Mthunzi wa mpanda unayamba kupendekera kum'mawa, nthawi ya swala ya masana inali itakwana kalekale. Anapita kumpopi kwawo. Anavula kofiya n'kuiika chagada pawindo la khaya, anavula wotchi n'kuigoneka m'kofiyamo, kutali ndi mpopi mikono itatu. Anatawaza, anapukuta manja pa ovolosi, anavalanso wotchi kuti isakhale payokha, n'kuswali. Dona anawaona ali pawindo la kukhitchini. Anaona munthu atawerama pampopi, kenako anaona munthu yemweyo ali ndi wotchi pamkono. Zapakatipo sanazione, kapena sanafune kuziona.

Lachitatu m'mawa pansi pa galasi la wotchi panaoneka nkhungu. Pofika Lachisanu muvi wautali uja unali utaima, osamvanso batani.

Macdonald anawaitana pakhonde. Analankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chifanakalo cha kumgodi, monga ankachitira akakwiya. Anati dona anawaona akusamba ndi wotchi, timphete tili tomasula. Che Suwedi anafotokoza za kofiya ndi windo. Anafotokozanso kuti Msilamu sangatawaze chinthu chili pamkono, pakuti madzi ayenera kukhudza khungu lonse. Bwana anati za mapemphero awo iye alibe nazo ntchito.

"Bwana," anatero Che Suwedi mwaulemu, "munati imamira mamita zana. Ingafe bwanji ndi mpopi wa kukhaya?"

Funso limeneli ndi limene linawonjeza moto. Mzungu ameneyo akanalola kuti wantchito alire kapena apepese, koma osati kuti aganize.

Wotchi inapita ku sitolo ina m'tauni, imodzi mwa zochepa zimene zinkatsegula mawotchi otere. Eni sitolo anati yawonongeka kwambiri, ndipo opanga ake sangaikonze ulere chifukwa madzi analowa mwa kusasamala kwa munthu. Apo Macdonald anatembenukira kwa a inshuwalansi. Anawalembera kuti wantchito wake ndiye anainyowetsa. A inshuwalansi anatumiza pepala lakuti wantchitoyo avomereze ndi dzanja lake.

Bwana anabwera nalo pepalalo kukhaya, kumene anali asanapondeko chaka chonse. Nkhope inali itasintha, akumwetulira. Anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Palibe adzawadule malipiro, palibe adzaitane polisi. Angosaina pamzere wapansi, a inshuwalansi agule wotchi ina, aliyense aiwale. Che Suwedi anapempha kuti alisunge kaye pepalalo mpaka Lolemba, popeza Chingerezi cholemba sankachidziwa. Zilembo zimene ankadziwa zinali za Chiarabu, ndipo dzina lawo ankalisaina ndi zomwezo, kuyambira kumanja kupita kumanzere.

Bwana anavomera, koma ali pakhomo anatembenuka.

"Mwezi ukutha Lachiwiri, Julius. Usaine langa, ndisaine lako."

Lamulungu masana, nthawi yokhayo imene ankapuma, Che Suwedi anakwera basi kupita ku Joubert Park. Kumeneko anthu akumudzi ankakumana pa kapinga kufupi ndi siteshoni, kupatsana makalata ndi kufunsana za amene akupita kumudzi. Ankafuna munthu mmodzi, Che Binali a ku Mangochi, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mawotchi yomwe ija. Che Binali anali atakhala zaka makumi awiri m'kachipinda ka kumbuyo, kagalasi kali padiso, akutsegula mawotchi a anthu olemera. Kutsogolo kunkaima mzungu wa tayi, amene ankalandira mawotchiwo ndi kulandiranso mayamiko.

Anawapeza atakhala pabenchi akusenda lalanje. Atapatsana salamu ndi kufunsana za kumudzi, Che Binali anayamba kuseka.

"Ndamva mbiri yanu, achimwene. Akuti masiku ano mukusamba ndi chuma cha azungu."

"Musaseke, Che Binali. Buku langa lili pa moto."

Che Binali analiwerenga pepala lija pang'onopang'ono, akumasulira mzere ndi mzere. Linkanena kuti ine, wantchito wa m'maluwa, ndinavala wotchi ya bwana wanga popanda chilolezo, ndipo ndinasamba nayo pampopi. Mawu akuti popanda chilolezo bwana sanawatchule kukhaya kuja. Che Suwedi anapempha kuti awawerengerenso pamenepo. Anawerenganso. Munthu amene anaimirira padzuwa zaka ziwiri akudina batani molamulidwa, lero akuti anaivala mwakuba.

Kenako Che Binali anapisa m'thumba la jekete natulutsa bokosi la machesi. M'katimo munali kamphira kakang'ono kozungulira, kochepa kuposa mphete ya mwana, kali ndi zoyera zouma m'mbali mwake. Anati wotchi ija anaitsegula ndi iwowo Lachitatu lapitalo. Anafotokoza kuti mawotchi amenewa madzi sawalowa malinga zitseko zake zonse zili zotseka. Kamphirako ndi kamene kamatseka pa batani. Timphete tikamangidwa, ungasambire nayo tsiku lonse. Koma ukamasula n'kudina batani uli pansi pa madzi, wachita kutsegula chitseko ndi dzanja lako, ndipo madzi sapempha odi. Amalowa kadontho, n'kukhala chete m'katimo milungu iwiri kapena itatu akudya zitsulo. Za mamita zana zolembedwa pankhope zija n'zoona, koma n'za wotchi yotseka. Zonsezi zimalembedwa m'kabuku kamene kamabwera m'bokosi, koma olemera sawerenga timabuku.

"Dzimbiri limene ndapezamo si la mlungu umodzi," anatero. "Ndipo zoyerazi ndalawa ndi lilime langa. Lawani."

Che Suwedi anakhudza ndi chala n'kuika palilime. Unali mchere.

"Tsono ndiuzeni, mpopi wanu wa ku Randburg umatulutsa mchere? Kapena munaitumiza kwanu ikasambe m'Chilwa?"

Pamenepo m'pamene Che Suwedi anakumbukira chala cha bwana chikudina m'malere pakati pa maluwa, mphindi imodzi ndi masekondi makumi anayi. Iwo nyanja ya Durban anali asanaione n'kamodzi komwe.

Anafunsa ngati Che Binali anawauza abwana awo a m'sitolo. Anati anawauza tsiku lomwelo. Mzungu wa tayi anayang'ana, anagwedeza mutu, n'kulemba pa lipoti mawu awiri okha akuti madzi analowa. Sakanauza kasitomala wogula mawotchi a mtengo wa galimoto kuti wapha wotchi yake yekha. Che Binali anapereka bokosi la machesi lija, koma anapempha chinthu chimodzi, kuti dzina lawo lisatchulidwe, pakuti nawonso buku lawo linkasainidwa ndi munthu.

Asanasiyane anawalangiza monga mnzawo. Anati asaine basi. Pepala ndi pepala, likagona m'kabati ya ofesi, ndipo Mulungu akudziwa amene anadina batani. Akumbuke Madina, amene chaka chimenecho anali mu Sitandade 5. Che Suwedi anatsanzika. M'basi yobwerera anaganiza za mwanayo njira yonse. Malangizowo sanali a munthu woipa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Lolemba madzulo bwana atabwera ku ntchito, Che Suwedi anamupeza pakhonde. Anavula kofiya, anaika pepala patebulo losasainidwa, pambali pake n'kuikapo bokosi la machesi lotsegula. Anati munthu wina wodziwa mawotchi wawauza kuti kamphira aka kachokera m'wotchi ija, ndipo zoyerazo ndi mchere wa m'nyanja. Anamukumbutsa mwaulemu zimene ananena yekha atabwera ku Durban.

Macdonald anakayang'ana kamphirako nthawi yaitali. Sanafunse kuti mchere ukutanthauza chiyani. Khosi lake linafiira kuyambira pakolala mpaka m'makutu. Munthu wosadziwa amatsutsa, koma uyu sanatsutse. Anangofunsa kuti wawapatsa ndani.

"Ndinalonjeza kuti sinditchula, bwana."

"Ndiye kuti uli ndi anzako akuba m'sitolo muja."

"Haikona, bwana. Palibe chabedwa. Kamphira kotha aka n'kanu, tengani."

Bwana anakankhira pepala kwa iwo, cholembera pamwamba. Anatsitsa mawu. Anati kalata yake yapita kale ku inshuwalansi, sangailembenso mwina popanda kuoneka wabodza. Anati zaka zisanu ndi zinayi wawasunga bwino, anawapatsa jekete, anawapatsa wailesi yakale, kodi kanthu kakang'ono aka kakuwakanika?

Taonani chimene ankapempha munthu ameneyu. Iye kuoneka wabodza kunali kosatheka. Koma kuti wam'maluwa alembe ndi dzanja lake kuti ndi wabodza ndiponso wakuba, chimenecho chinali kanthu kakang'ono.

"Bwana, dzina langa ndimalemba ndi zilembo zimene ndinaphunzira powerenga Buku la Mulungu," anatero Che Suwedi. "Sindingaziike pansi pa mawu awa. Mukafuna, lembani kuti wotchi inalowa madzi ndipo wantchito sakudziwa kanthu. Pamenepo ndisaina pompano."

"Ndiye buku lako usabwere nalo mawa."

"Ndamva, bwana."

Lachiwiri m'mawa anawola masamba padziwe, anathira mankhwala, anatsuka mbale za agalu. Anapinda ovolosi n'kuisiya pakhonde la kukhitchini pamodzi ndi kiyi wa khaya. Wailesi ija anaisiyanso. Dona anawayang'ana pawindo lomwe lija mpaka atatuluka pageti.

Pasapezeke wonena kuti choonadi chinawalipira. Sichinawalipire. Che Binali anawabisa ku Berea, m'tizipinda ta antchito ta padenga la nyumba yosanja, mmene anthu asanu ankagona malo a munthu mmodzi. Chaka ndi miyezi inayi Che Suwedi ankayenda ngati mbewa, akaona yunifomu n'kukhotera m'kanjira. Ankapeza maganyu onyamula makatoni kwa amwenye, tsiku lina alipo, masiku atatu palibe. Kumudzi sikunapite kanthu. Madina anasiya sukulu chaka chomwecho ndipo sanabwererenso. Abiti Maliki anatumiza kalata yofunsa ngati ku Joni kwapezeka mkazi wina. Kalata imeneyo inawapweteka kuposa mawu onse a Macdonald. Anayankha zonse mmene zinayendera, ndipo yankho la mayiwo linali lalifupi: mukanasaina. Che Suwedi sanawakwiyire. Mayiwo ndi amene ankaona mwana akukhala pakhomo anzake akupita ku sukulu.

Za wotchi, Che Binali anadzanena kuti patapita miyezi iwiri Macdonald anatulukira m'sitolo muja n'kugula ina yonga yomweyo. Kaya a inshuwalansi analipira, kaya anapeza Julius wina womusainira, palibe akudziwa. Chimene Che Binali anaona ali kuseri kwa katani n'chakuti mzungu wa tayi anamuonetsa kasitomala wakeyo timphete tija mwaulemu kwambiri, n'kumuuza monong'ona kuti m'madzi asamadine.

Mabuku a pasi anathetsedwa mu 1986, ngakhale kwa mlendo mantha sanathe. M'misewu yozungulira Joubert Park munayamba kudzaza matebulo a ogulitsa. Che Suwedi nawo anapeza katebulo kawo pafupi ndi pokwerera matekisi, ndipo katundu amene Che Binali anawapezera poyambira anali mawotchi apulasitiki a manambala, otchipa, obwera m'makatoni. Pafupifupi iliyonse inali yolembedwa kuti siilowa madzi.

Ogulitsa anzawo anali ndi kachitidwe kawo. Aliyense ankaika botolo la madzi patebulo, m'katimo muli wotchi imodzi ikuphethira, kuti odutsa aone. Imene inali m'botoloyo inali yomatidwa ndi guluu kumbuyo, ndipo onse a pamzerewo ankadziwa. Anyamata a matebulo oyandikana ankawanena Che Suwedi kuti madala, ikani botolo, mufa ndi njala. Pofika 1993 tsitsi lawo linali litayera, ena a pamzerewo anali atatsegula timasitolo, iwo akadali ndi katebulo komweko kopanda botolo. Nyumba ya ku Ntaja inafoleredwa mochedwa ndi zaka khumi.

Wogula akanyamula wotchi n'kufunsa ngati imalowa madzi, yankho lawo linali limodzi, kwa Mzulu, kwa Msutu, kwa wakumudzi.

"Palembedwa kuti siilowa. Ine sindinaiyese. Posamba muzivula."

Ambiri ankaibweza patebulo n'kupita kwa wa botolo. Ena ankagula. Nthawi ya swala ya masana ikakwana, Che Suwedi ankafunditsa katundu ndi nsalu, n'kupita kumpopi wa kuseri kwa siteshoni. Kumeneko ankavula kofiya, n'kuvula wotchi yawo yapulasitiki, n'kuigoneka m'kofiyamo asanatsegule madzi.